Kabokosi ka moto m'galimoto yakale: timange pati?

Tiyerekeze pikapu yakale, Nissan 1400, yanyamula madengu a tomato pa Mbulumbuzi ulendo wa ku Limbe. M'mawa yalira bwinobwino. Pofika pa Njuli dalaivala waima kuti akweze katundu wina, wazimitsa injini. Akuti anyamuke, sitata ikuzungulira koma injini osagwira. Petulo alimo, batire lili ndi mphamvu. Patapita theka la ola, kungokhudza kiyi yalira ngati palibe chinachitika. Tomato wafika mochedwa, ooda apita kale kwa ena, ndipo kumbuyo kuja wina wayamba kunong'ona kuti galimotoyi aichita chipongwe.

Palibe chipongwe apa. Nthawi zambiri vuto lotere limachokera ku kabokosi koyendetsa moto wa mapulagi, kamene mwini galimoto anagula kuti kalowe m'malo mwa zipangizo zakale. Kabokosiko kangakhale kabwinobwino, koma kanamangidwa pamalo olakwika. Ndipo kuti mumvetse chifukwa chake, Fizikisi ya ku sekondale ndi yokwanira.

Tiyambe ndi moto umene. Injini ya petulo imafuna kamoto kothetheka papulagi kuti petulo wosakanikirana ndi mpweya ayake. Batire limapereka mavolti 12 okha, pamene kuti magetsi adumphe kampata ka papulagi pamafunika mavolti masauzande ambiri, kawirikawiri pakati pa 10,000 ndi 30,000. Ntchito yokweza mavoltiyi ndi ya koyilo. M'kati mwake muli mawaya awiri okulungidwa pachitsulo chimodzi: wina wonenepa wozungulira kokwana mazana ochepa, wina wowonda ngati tsitsi wozungulira masauzande ambirimbiri. Karenti ikamayenda mu waya wonenepa, chitsulo chija chimasanduka maginito. Ikadulidwa mwadzidzidzi, mphamvu ya maginito imagwa msangamsanga ndipo mu waya wowonda mumabadwa mavolti ochuluka. Ndi mfundo ija Michael Faraday anatulukira mu 1831, yomwe mumaiphunzira pamutu wa transformer.

Tsono ndani amadula karentiyo? M'galimoto zakale ndi mapoyinti, kaswichi kachitsulo kamene kamatseguka ndi kutsekeka m'kati mwa distibyuta. Njirayi inatchuka ndi Charles Kettering wa ku America cha m'ma 1910, ndipo inalamulira kwa zaka zoposa 60. Koma tawerengani ntchito yake. Injini ya masilinda 4 imafuna moto kawiri pa kuzungulira kulikonse. Ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, ndiye kuti moto ukufunika ka 6,000 pa mphindi, kapena ka 100 pa sekondi imodzi. Tizitsulo tiwiri tikumenyana ka 100 pa sekondi! Nchifukwa chake mapoyinti amapsa, amaperepeseka, ndipo makaniko amakhalira kuwatchuna.

Kabokosi kamachotsa vutoli. M'kati mwake muli transistor, swichi yopanda chosuntha chilichonse. Mabokosi ena, otchedwa CDI, amayamba asunga mavolti oposa 300 mu capacitor kenako nkuwakhuthulira mu koyilo kamodzin'kamodzi. Kampani ya MSD ya ku America imadziwika ndi mabokosi otere. Koma simufunika kupita kutali kuti muone CDI: njinga zamoto zambiri za kabaza zili nako. Ndipo taonani pamene opanga njingazo anakaika: kunsi kwa mpando kapena kuseri kwa chivindikiro cha m'mbali, osati pa injini. Sanaike pamenepo mwangozi ayi.

Mdani wamkulu ndi kutentha. Madzi a mu radiyeta amakhala cha pa madigiri 90, koma chitsulo cha ekizozi pamene chikutuluka mu injini chimafika madigiri mazanamazana, moti pa chitunda chachitali ndi katundu wolemera chikhoza kufiira. Silicon wa m'kati mwa transistor sapirira zimenezo. Ambiri malire awo ndi cha pa madigiri 150, ndipo amayamba kuchita zachilendo asanafike pamenepo. Akatswiri a zamagetsi ali ndi kalamulo kapakamwa kokhudza mitundu ina ya capacitor: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umadulidwa pakati. Ndiye kusamutsa kabokosi kuchoka pa madigiri 60 kupita pa madigiri 80 sikuchotsa pang'ono chabe. Theka la theka ndi kota. Chimene chikanatha zaka 8 chitha zaka 2.

Kutentha kumafika pakabokosi m'njira zitatu zija mumaloweza pokonzekera mayeso. Conduction: mukamanga kabokosi pa injini penipeni, kutentha kumadutsa m'mabauti nkulowa. Convection: mpweya umene wadutsa mu radiyeta ndi wotentha kale, ndipo fani imaukankhira kumbuyo. Radiation ndiye imapusitsa anthu ambiri, chifukwa sifuna kukhudzana. Ndi ija mumamva pankhope mukakhala pafupi ndi mbaula. Kabokosi kakamayang'anizana ndi ekizozi popanda chotchinga, kakuwotha moto ulendo wonse. Kachitsulo konyezimira ka aluminiyamu koikidwa pakati, kosiya mpata mbali zonse ziwiri, kamathandiza kwambiri. Koma kutalikira kumaposa kutchinga. Pa Nissan 1400 kabureta ndi ekizozi zili mbali imodzi ya injini, distibyuta ili mbali inayo, choncho mbali yozizirirapo siivuta kuipeza.

Nanga bwanji pikapu ija inakana kulira itaima, osati ikuyenda? Galimoto ikamayenda, mphepo imalowa kutsogolo nkutulutsa kutentha kunsi. Mukazimitsa injini, fani yoyendera lamba imaima, madzi amasiya kuzungulira, koma zitsulo zikadali zotentha. Kutentha konseko kumakwera nkuunjikana kunsi kwa boneti, moti kwa mphindi zingapo m'menemo mumatentha kuposa pamene galimoto inali pamsewu. Kabokosi kamene kanali kale pamalire kamangogonja. Kakazizira kamayambanso ntchito. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, zoterezi zimachuluka.

Apa wina anganene kuti, "Basi tikabise m'kabati kakang'ono ka padashibodi kaja timasungamo mapepala." Ayi ndithu. Kabokosi nako kamatulutsa kutentha kwakekwake, nchifukwa chake kambiri kamakhala ndi timizere totumphuka pamwamba, kuti mpweya ukhudze malo aakulu. M'malo otsekeka kamadziphika kokha, ndipo opanga mabokosiwa amaletsa zimenezo. Chimodzimodzi kukakulunga m'jumbo poopa madzi. Nzeru yake imamveka, koma jumbo imasunga kutentha, komanso chinyezi chikalowa sichituluka.

Madziwo ndi nkhani ndithu kuno kwathu. Mvula ya Januwale imadzaza maenje a m'misewu, matayala nkumawaza matope kunsi konse kwa injini. Mu Juni ndi Julaye chiperoni chimakuta phiri la Chiradzulu, chinyezi nkulowa paliponse. Onjezani wotsuka galimoto amene amakhuthula ndowa yonse boneti ili yotsegula. Choncho kabokosi kakhale m'mwamba, ndipo mbali yotulukira mawaya iyang'ane pansi kapena cham'mbali. Waya asanalowe m'kabokosi, mumsiye alendewere pang'ono ngati chilembo cha U, kuti dontho loyenda pa waya ligwere pansi lisanafike polowera. Pafupi kwambiri ndi batire siponso pabwino, chifukwa nthunzi ya asidi imadya zitsulo zolumikizira.

Kugwedezeka sikufuna mawu ambiri. M'misewu yafumbi yolowera m'midzi galimoto imanjenjemera yonse, ndipo timalo towotcherera ta m'kati mwa kabokosi timang'aluka pang'onopang'ono, monga waya amathyokera mukamupinda uku ndi uku. Mankhwala ake ndi timphira pansi pa mabauti. Koma chenjerani: mphira salola magetsi kudutsa, salolanso kutentha. Ndiye kabokosi kokhala pa timphira kamafuna waya wakewake wa earth. Ndipo pali timabokosi tina tating'ono, tophwatalala, timene timaziziritsidwa ndi chitsulo chimene tagonapo. Toteroto sitifuna mphira; timafuna kumangidwa thithithi pa chitsulo cha aluminiyamu, pakati popakidwa phala loyera lothandiza kutentha kudutsa. Musanagule mabauti, dziwani kaye mtundu wa kabokosi kanu.

Mbali imene imandisangalatsa ine ndi ya mawaya, chifukwa vuto lake silioneka ndi maso. Mabokosi ambiri amauzidwa nthawi yotulutsa moto ndi kachipangizo ka maginito ka mu distibyuta. Uthenga wake ndi wofooka, makamaka injini ikamazungulira pang'onopang'ono poiliza. Mukayendetsa timawaya ta uthengawu moyandikana ndi mawaya a mapulagi, lamulo la Faraday lomwe lija limakutembenukirani: karenti yodumphadumpha ya mu waya wa pulagi imabala mavolti abodza mu waya woyandikana nawo. Kabokosi kamaganiza kuti nthawi yakwana, nkutulutsa moto pa nthawi yolakwika, injini nkumatsokomola. Choncho timawayato tidutse njira yathuyathu, tipotedwe pamodzi ngati chingwe, ndipo ngati nkofunika kudutsana ndi waya wa pulagi, tidutse mopingasa.

Mawaya onenepa a mphamvu nawonso asatalike mopanda chifukwa, ndipo polumikizira pakhale poyera. Gwiritsani ntchito V = IR. Dzimbiri la pa bauti likabweretsa resistance ya 0.5 ohm, ndipo kabokosi kakukoka ma amp 4, mwataya mavolti 2. Poliza injini batire limatsika kale kufika cha pa mavolti 10. Chotsanipo 2, mwatsala ndi 8, ndipo mabokosi ena pamenepo amayamba kunyanyala.

Tikaphatikiza zonsezi, malo abwino amatsala awiri. Oyamba ndi m'chipinda cha injini momwemo, m'mwamba pa chitsulo cha m'mbali kapena pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, mbali yopanda ekizozi. Ubwino wake mawaya amafupika. Achiwiri ndi m'kati mokhala anthu, kunsi kwa dashibodi mbali ya pasenjala, pa khoma lomwe lija koma kuseri kwake, pamene mpweya ukudutsa ndipo mapazi safika. Kwa galimoto yoyenda m'matope ndi m'fumbi la kuno, ine ndingasankhe m'katimo. Kungoti galimoto zakale zimadontha: mphira wa galasi lakutsogolo akauma, madzi amatsikira pomwepo kunsi kwa dashibodi. Thirani madzi pagalasi muone kaye. Komanso mabokosi ena a CDI amalira kaphokoso kosalekeza, kamene ena kamawasowetsa mtendere. Pabowo podutsa mawaya muike mphira, apo ayi chitsulo chidzacheka waya.

Ngati mukuthandiza amalume kapena achimwene pa ntchitoyi, yambani mwachotsa waya wa negative pa batire. Musanaboole, suzumirani kuseri, pangakhale paipi ya mabuleki kapena ya petulo. Kiyi ali wotsegula musagwire koyilo. Ndipo ikakhala galimoto ya ku Britain ya m'ma 1950 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1960, monga Morris Minor kapena Land Rover, onani mbali ya batire imene yalumikizidwa ku bodi, chifukwa zambiri za nthawi imeneyo zinkalumikiza positive, pamene mabokosi ambiri a masiku ano anapangidwira negative.

Mukamanga, yesani motere. Yendani ulendo wa mphindi 20, wokhala ndi chitunda, imani, zimitsani injini, chotsani kiyi, dikirani mphindi 10 boneti ili yotseka. Kenako ikani chikhatho pa kabokosi. Dzanja la munthu silikhalitsa pa chitsulo chopitirira madigiri 60. Mukalephera kuwerenga mpaka 5 musanachotse dzanja, masulani mabauti mukasakire malo ena.