Mukakweza mphamvu ya injini, imalira ndi giyabokosi

Pa galimoto zakale zomwe amalonda athu amaitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, pali zina zomwe anyamata sagona nazo tulo: ma Subaru a turbo. Ine ndilibe nazo mlandu galimotozi. Chondidetsa nkhawa n'choti munthu akangoigula amathamangira kwa makaniko kuti amukwezere mphamvu ya injini, osafunsako n'komwe ngati giyabokosi ipirire.

Impreza WRX inatuluka ku Japan mu 1992 ili ndi injini ya malita 2 ndi magiya asanu osintha pamanja. Mu 1995 Colin McRae anatenga nayo ukatswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa rally, dzina n'kumveka ponseponse. Komatu ya McRae ija inali ndi giyabokosi yopangidwira mpikisano, ndipo amakaniko ankaiphwasula pafupipafupi. Yanuyo si choncho ayi.

Turbo imakankhira mpweya wambiri mu injini. Mukaonjezera mpweyawo pamodzi ndi petulo, mphamvu yopotokola shafti imakwera, ndipo yonseyo imadutsa pa mano ochepa okha a giya omwe alumana panthawiyo. Galimoto yokoka ndi matayala awiri ili ndi pothawira: mukaponda moto n'kusiya kilatchi mwadzidzidzi, matayala amangozungulira pamodzimodzi, utsi tolo, mphamvu yathera pomwepo. Subaru imakoka ndi onse anayi. Pa tala wouma matayalawo amagwira zolimba, ndiye chibakera chonse chimakagwera mano a giya yoyamba kapena yachiwiri. Dzino limodzi likathyoka, chidutswa chake chimayenda ndi oyilo n'kukaononga enawo.

Tsono pali chinthu china chomwe ndimachiona ngati kudzitchera msampha. Injini ikakwezedwa mphamvu, kilatchi yobwera ndi galimoto imayamba kuterereka, mwini wake n'kugula ina yolimba kwambiri. Abale, kilatchi yofewayo inali ngati fyuzi ya magetsi: inkapsa iyo kuti zodula zipulumuke. Mukaichotsa, fyuzi yatsopano ndi giyabokosi. Ndipo mtengo wa ziwirizi ndi wosayerekezeka.

A Subaru eni ake anachiona chimenechi. Mu 2000 anaika mu WRX STI giyabokosi ya magiya asanu ndi limodzi, yayikulu ndi yolemera kuposa ija, yomwe mpaka lero okweza injini amailemekeza. Ya magiya asanu ija si yoipa. Ikamayendetsedwa mwaulemu, pa mphamvu yomwe anaipangira, imakhalitsa ndithu.

Kwa inu ogula ndi ogulitsa, ndikuti musatengeke ndi mkokomo. Iyendetseni injini itatentha. Sinthani msanga kuchoka giya yoyamba kupita yachiwiri, kenaka yachitatu. Ikakukuta, ndiye kuti ma synchro atha. Ikamatuluka yokha m'giya mukasiya moto, chimodzimodzi. Uzani makaniko atsitse oyilo, muone maginito a pa bawuti yotsitsira: kafumbi kachitsulo n'kosadabwitsa, koma tizidutswa togwirika ndi chala ayi.

Ndipo ikakhala yafa kale, musangotola giyabokosi iliyonse yolembedwa Subaru. Zimasiyana reshiyo, zina 4.11, zina 4.44, ndipo iyenera kugwirizana ndi difu yakumbuyo. Zikasemphana, matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakokanakokana mpaka difu yapakati kupsa, ndalama n'kutulukanso kachiwiri.