Akeni: mtundu wa kuchikamwini kwa Mose

Mukafufuza dzina loti Akeni pa YouTube, simuchedwa kukumana ndi alaliki ena akunja onena kuti awa ndi mbewu yotembereredwa ya Kaini, imene akuti inabisala pakati pa Ayuda. Chiphunzitsochi chakhala chikukolezera chidani pa Ayuda. Koma kodi Baibulo lenilenilo likuti Akeni anali ndani?

Dzinali limayamba kumveka pa Genesis 15:19, pa mndandanda wa mitundu imene dziko lawo linalonjezedwa kwa Abrahamu. Anali anthu a m'mahema, oyendayenda m'zipululu za kum'mwera kwa Kanani. Pa Oweruza 1:16 mpongozi wa Mose akutchedwa Mkeni, pomwe buku la Eksodo limati anali Yetero, wansembe wa ku Midyani. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amati Akeni anali nthambi ya Amidyani kapena anansi awo apamtima. Mwachidule, Mose anathawira kwa anthu amenewa, n'kukwatira komweko, n'kumaweta nkhosa za apongozi ngati mkamwini wina aliyense.

Nanga Kaini akubweramo bwanji? M'Chiheberi maina awiriwa ali ndi muzu umodzi, ndipo m'Chiarabu ndi Chiaramu mawu ofanana nawo amatanthauza wosula zitsulo. Ambiri amaganiza kuti Akeni anali amisiri osula, makamaka poti ku Timna ndi ku Faynan, m'dera lomwelo, kunali migodi yakale ya mkuwa. Koma palibe vesi lonena kuti anabadwa kwa Kaini wopha m'bale wake uja, kapena kuti anali otembereredwa.

Mbiri yawo ndi yabwino ndithu. Pa Eksodo 18, Yetero akupereka nsembe kwa Mulungu, kenako akulangiza Mose kuti asankhe oweruza omuthandiza, asadzitopetse yekha ndi milandu. Yaeli, amene anapha kazembe Sisera ndi chikhomo cha hema, anali mkazi wa Heberi Mkeni. Sauli asanathire nkhondo Aamaleki, anachenjeza Akeni kuti achokepo chifukwa cha chifundo chimene anachitira Aisraeli pochoka ku Igupto. Arekabu, omwe Yeremiya 35 amawayamikira pomvera kholo lawo n'kukana vinyo, nawonso akulumikizidwa ndi Akeni pa 1 Mbiri 2:55.

Palinso ganizo lina limene linayamba ndi akatswiri a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800: loti Mose anadziwira dzina la Yehova kudera la Akeni. Amaloza zolembedwa pa kachisi wa Farao Amenhotep III ku Soleb, m'dziko la Sudan, zotchula anthu oyendayenda a dziko la "Yhw". Mtsutso ukadalipo mpaka lero.

Chosatsutsika n'chakuti Akeni sanali zidzukulu za Yakobo, komabe anakhazikika pakati pa fuko la Yuda, pafupi ndi Aradi. Analowa kudzera mu ukwati ndi kuchereza alendo, ndipo patapita mibadwo, Aisraeli anali akukumbukirabe.