Adyo ndi Khansa ya M'magazi

Adyo wa pamsika wa Chonde akasinjidwa amatulutsa allicin, mankhwala a sulufule onunkha kwambiri, amene Cavallito ndi Bailey anawatulukira mu 1944. Poyesedwa m'mbale za akatswiri, allicin amalowa m'selo la khansa ya m'magazi, natha glutathione, chishango chake cha seloyo. Pamenepo selo limadzipha lokha.

Koma m'thupi la munthu allicin amasweka msanga, osafika m'mafuta a m'mafupa momwe nthendayi imayambira. Tsono mphunzitsi akaona mwana woyera m'zikhatho, wotentha thupi kawirikawiri, wotuluka magazi m'nkhama, asatchule adyo konse. Auze makolo athamangire naye kuchipatala akapimidwe magazi. Ana odwala nthendayi amalandira chithandizo kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.