Misonkhano ya pa kanema ingafupikitse mtunda pakati pa Bwanje, Mua ndi akatswiri a kafukufuku

Dedza, Mana: Mlangizi wa zaulimi akapeza masamba a mpunga akuchita mawanga pa sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, m'dera la Inkosi Kachindamoto, amafuna yankho sabata yomweyo. Koma akatswiri amene angamuthandize ali kutali. Ena ali ku Lifuwu m'boma la Salima kumene kumachitika kafukufuku wa mpunga, ena ku Chitedze, enanso ku Bunda. Kuti onsewa akumane pamafunika galimoto, mafuta ndi ndalama za alawansi, ndipo pamene makalata opempha ndalamazo akuyenda m'maofesi, matenda amakhala akufalikira m'munda wa mahekitala pafupifupi 800.

Apa ndi pamene pali phindu la misonkhano ya pa kanema yolumikiza malo angapo nthawi imodzi. Anthu ambiri ogwira ntchito m'boma adaizolowera kuchokera m'chaka cha 2020 pamene matenda a Covid-19 adafika m'dziko muno. Komabe msonkhano umene umayenda bwino pakati pa Capital Hill ndi Blantyre umatha kusokonekera akalowamo munthu wa ku Golomoti kapena Mtakataka, ndipo zifukwa zake n'zofunika kuti akuluakulu ogula zipangizo azidziwe.

Choyamba ndi kuchedwa kwa mawu. Bungwe loona za mauthenga pa dziko lonse la ITU limalangiza kuti mawu asamatenge nthawi yoposa mamilisekondi 150 kuchoka kwa wolankhula kufika kwa womvera, komwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a sekondi. Nthawiyi ikapitirira kwambiri, anthu amayamba kulankhulira pamodzi, kenaka onse n'kukhala chete, aliyense akudikira mnzake. M'chaka cha 2005 bungwe la malaibulale la MALICO lidaika madishi a VSAT ku Chancellor College, College of Medicine, Bunda ndi Mzuzu University. Madishiwa adathandiza kwambiri pa kuwerenga mabuku a pa intaneti, koma setilaiti zamtunduwu zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 m'mwamba, kotero funso ndi yankho lake zimataya theka la sekondi m'njira mokha.

Zinthu zidayamba kusintha pamene mawaya a faiba odutsa pansi pa nyanja adafika kugombe la kum'mawa kwa Africa, wa SEACOM mu 2009 ndi wa EASSy mu 2010. Bungwe la UbuntuNet Alliance, limene lidakhazikitsidwa mu 2005 ndipo ofesi yake yaikulu ili ku Lilongwe, lidagwirizanitsa sukulu za ukachenjede za kum'mawa ndi kummwera kwa Africa kuti zizigula intaneti pamodzi ndi kulumikizana ndi anzawo a ku Ulaya. Kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa MAREN. Nalo bungwe la ESCOM lidayala faiba motsatira mawaya ake a magetsi, ndipo pulojekiti ya Digital Malawi, imene Banki Yaikulu ya pa Dziko Lonse idavomereza mu 2017, idalumikiza maofesi a boma ndi sukulu zambiri.

Vuto latsala pa makilomita omaliza. Faiba ikhoza kudutsa pafupi ndi msewu wa M5, koma ofesi ya alangizi kapena chipatala chaching'ono chakumudzi n'kumadalirabe netiweki ya lamya za m'manja, imene imafooka anthu akachuluka pa nsanja imodzi monga tsiku la msika. Kuchokera mu 2023 kampani ya Starlink ikugwira ntchito m'dziko muno. Setilaiti zake zili pa makilomita pafupifupi 550 okha, choncho kuchedwa kuja n'kochepa, ngakhale kuti mtengo wa zipangizo ndi malipiro a mwezi ndi mwezi si zopepuka ku ofesi ya m'boma laling'ono.

Chachiwiri ndi momwe malowo amalumikizidwira. Malo 6 akati aliyense azitumiza chithunzi chake kwa mnzake mwachindunji, ofesi iliyonse iyenera kutumiza zithunzi zisanu nthawi imodzi, zimene netiweki ya ku Mtakataka singakwanitse. Makina akale a misonkhano ankathetsa vutoli posonkhanitsa zithunzi zonse pa kompyuta imodzi yaikulu, kuzisakaniza, n'kutumiza chithunzi chimodzi kwa aliyense. Njirayi inali yodula ndipo inkaonjezera kuchedwa. Mapulogalamu a masiku ano monga Zoom, Microsoft Teams ndi Jitsi amachita mosiyana. Seva ya pakati imangolandira ndi kugawa, ndipo chithunzi cha munthu mmodzi chimatumizidwa m'magiredi awiri kapena atatu. Wa ku Lilongwe amene ali pa faiba amalandira chooneka bwino, wa ku Mua amalandira chopepuka, ndipo kufooka kwa malo amodzi sikugwetsa msonkhano wonse.

Kumene kuli sevayo n'kofunikanso. Ngati ili ku Ulaya, mawu ochoka ku Golomoti kupita ku Lifuwu amayamba adutsa nyanja zamchere ndi kubwerera, chonsecho malo awiriwa ali m'maboma oyandikana. Mapulogalamu aulere monga Jitsi ndi BigBlueButton angathe kuikidwa pa seva ya m'dziko momwe muno, ndipo iyi ndi ntchito imene ikuyenera bungwe ngati MAREN kusiyana ndi kuti dipatimenti iliyonse izigula yakeyake.

Za ndalama, masamu ake ndi osavuta. Kanema woyenda pa liwiro la megabiti imodzi pa sekondi amadya mamegabaiti 450 pa ola. Mawu okha safika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a zimenezi. N'chifukwa chake msonkhano wa akafukufuku umayenda bwino ngati makamera azimitsidwa moni akatha, n'kuyatsa ya yekhayo amene ali ndi chinthu choti aonetse. Zithunzi za masamba odwala, zotsatira za ku labotale ndi malipoti ziyenera kutumizidwa dzulo lake. Chithunzi chojambulidwa bwino pa lamya chimaonetsa mawanga a tsamba momveka kuposa kanema wogwedezeka.

Pali malo amodzi m'derali pamene langizo lozimitsa kamera siligwira ntchito. Ku Mua kuli sukulu ya ana osamva, ndipo kwa anthu olankhula ndi manja chithunzi ndiye mawu. Kanema akamadumphadumpha, chizindikiro chimadukira pakati ndipo tanthauzo limatayika. Okonza misonkhano yokhudza maphunziro a ana olumala ayenera kuika womasulira pa malo owala, chithunzi chake chikhale chosasuntha pa sikirini, ndipo intaneti yambiri ipite kwa iyeyo.

Ku Mua komweko, kumene ansembe a White Fathers adafika mu 1902, kuli malo a zachikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Nyumba yake ya Chamare imasunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao komanso zigoba zambiri za Gule Wamkulu, zimene ophunzira a m'maiko osiyanasiyana amafuna kuzifufuza. Kanema angathandize kuti wophunzira wa ku Zomba akambirane ndi osunga malowa popanda ulendo. Koma si zonse zoyenera kujambulidwa, ndipo chilolezo cha eni mwambo chiyenera kupemphedwa batani lojambulira lisanadinidwe. N'chimodzimodzi ndi nkhani za odwala. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 likukhudzanso misonkhano yojambulidwa, choncho kafukufuku wa zaumoyo ayenera kunena poyera kumene zojambulazo zidzasungidwe ndi amene adzazione.

Nkhani ya magetsi ili ndi chodabwitsa chake. Ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, okhala ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu, amene adayamba kugwira ntchito mu 2022. Magetsiwa amalowa m'mawaya a dziko lonse, kotero ofesi yoyandikana nawo ikhoza kuzimiridwa ngati ina iliyonse. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Laputopu ndi rauta sizidya magetsi ambiri, ndipo sola yaing'ono ndi batire imodzi zingaziyendetse kwa maola angapo.

Pogula zipangizo, maofesi ambiri amathamangira sikirini yaikulu chifukwa ndi imene imaoneka pa tsiku lotsegulira. Koma chimene chimapha misonkhano yambiri ndi mawu osamveka, makamaka m'chipinda cha malata chopanda siling'i pamene mvula ikugwa kapena fani ikulira m'nyengo yotentha ya kunyanja. Maikolofoni yabwino ya pa tebulo, makatani ochepetsa kubwerera kwa mawu, ndi wogwira ntchito mmodzi wophunzitsidwa kuyesa makina mphindi 15 msonkhano usanayambe, zonsezi mtengo wake sufika pa wa sikirini ija. Mu bajeti muyeneranso kukhala ndalama za intaneti za chaka chonse, chifukwa thandizo la pulojekiti likatha malipirowo amagwera khonsolo kapena dipatimenti imene idalandira zipangizozo.