Kuphunzitsa Ana Kusiyanitsa "Borrow" ndi "Lend"

Lero ndifuna ticeze za mau a Cingerezi amene tichula pamene cinthu cicoka m'manja mwa munthu wina ndi kulowa m'manja mwa mnzace.

Mukapita pa sukulu iri yonse ku Matero, ku Kanyama kapena ku Chawama pa nthawi yopumula, simudzacedwa kumva mwana ali kuuza mnzace kuti, "Borrow me your pencil." Mnzaceyo amva bwino lomwe, nampatsa pensulo. Koma mau omwewo akalembedwa pa mayeso, mphunzitsi awadula ndi inki yofiira. Makolo ambiri ayesa kuti kulakwa kotere nkwacabe. Si kwacabe ai, pakuti mwanayo akakula adzakomana ndi mau amenewa pa kalata ya ngongole ndi pa cipangano ca nyumba, ndipo pamenepo liu limodzi likhoza kumtayitsa cuma.

Poyamba tidziwe cimene cisokoneza ana athu. Mwana amene anena "borrow me" sali wopusa. Iye atsata malamulo a cinenero cace. M'Cinyanja liu limodzi libala linzace. Titi kugula ndi kugulitsa, kuphunzira ndi kuphunzitsa, kukongola ndi kukongoza. Tsinde liri limodzi, cisintha ndi kumapeto kokha. Ndipo liu lakuti kubwereka liyenda mbali zonse ziwiri. Mai akhoza kunena kuti, "Ndabwereka nsimbi kwa anansi," ndiponso akhoza kupempha kuti, "Ndibwerekeni nsimbi." Onse amumva, palibe amdzudzula. Tsono mwana akaphunzira kuti kubwereka ndiko "borrow", atenga "ndibwereke" namsandutsa "borrow me". Koma Cingerezi ciri ndi mau awiri osafanana konse: wina wa munthu wolandira, wina wa munthu wopereka. Bvuto limeneli si lathu lokha. Madoda amene anagwirako nchito ku Johannesburg adziwa kuti m'cinenero ca Afrikaans liu lakuti "leen" litanthauza zonse ziwiri, monga kubwereka kwathuku, ndipo cifukwa ca ici ambiri a kumeneko nawonso anena "borrow me".

Za cinenero ca m'sukulu, Boma lasintha malamulo kangapo. Pa nthawi ya Northern Rhodesia ana anali kuyamba kuphunzira m'zinenero zao. M'caka ca 1966 lamulo la maphunziro linaika Cingerezi kuti cikhale cophunzitsira kuyambira kalasi loyamba. M'caka ca 2014 Boma linabwezera zinenero za kwathu m'makalasi anai oyamba, ndipo ku Lusaka cinali Cinyanja. Koma malamulo angasinthe bwanji, mwana wa ku George kapena ku Kalingalinga asewera ndi kuganiza m'Cinyanja, pamene mabuku a sekondale ndi makalata a nchito ali m'Cingerezi. Cifukwa cace kholo liri ndi mbali yace, ngakhale kholo limene linalekezera sukulu panjira.

Lamulo loyamba nali: uzani mwana kuti atsate cinthuco ndi maso. Ngati ciri kudza kwa iye, liu lace ndi "borrow". Ngati ciri kucoka kwa iye kupita kwa wina, liu lace ndi "lend". Liu liri lonse liri ndi mnzace woyenda naye. "Borrow" ayenda ndi "from", monga ife titi kubwereka kucokera kwa uje. "Lend" ayenda ndi "to". Cotero titi, "I borrowed a hoe from my uncle," ndiponso, "My uncle lent a hoe to me." Khasu ndi limodzi, nchito yacitika kamodzi, koma yanenedwa kucokera mbali ziwiri. Onani kuti za kale titi "borrowed", koma "lend" asanduka "lent". Kulibe liu lakuti "lended".

Lamulo laciwiri nlakuti pambuyo pa "borrow" pabwera cinthu, osati munthu. Ana aseka mukawauza kuti wonena "borrow me" ali ngati apempha kuti amnyamule iye mwini, akamgwiritse nchito ngati nkhwangwa, nambweze madzulo. Kuseka kumeneko nkwabwino, pakuti cimene mwana waseka naco saciiwala msanga. Pamenepo mpatseni njira ziwiri zolondola zopemphera: "Please lend me your pencil," kapena, "May I borrow your pencil?" Kwa ana okulirapo mungaonjeze kuti "borrow" anacokera ku liu la Cingerezi cakale lakuti "borg", ndilo cikole. Wobwereka ndiye anali kusiya cikole. Cotero liuli ndi la munthu amene ali ndi mangawa.

Nanga tiphunzitse bwanji? Musayambe ndi colembera. Madzulo mutadya nsima, tengani zinthu zimene anansi amabwerekana tsiku ndi tsiku: sefa, mthiko, nsimbi, mbaula yozima. Ikani ana awiri moyang'anana. Wina apereke sefa nanene kuti, "I am lending you the sieve." Wolandirayo ayankhe kuti, "I am borrowing the sieve from you." Pobweza anene kuti, "I am returning the sieve," kapena, "I am giving it back." Kenaka asinthane malo. Mwana wacitatu akhale mboni, ndipo mumfunse kuti, "Who lent? Who borrowed?" Citani ici kwa mphindi khumi zokha, masiku angapo otsatana, ndipo kulemba kudze pambuyo pace. Dzanja likazolowera kupita ndi liu, lilime silicedwa kutsata.

Ana akagwira mau awiriwa, onjezani ena a banja lomweli. "Buy" ndi "take" ali mbali ya wolandira, ndipo ayenda ndi "from". "Sell" ndi "give" ali mbali ya wopereka, ndipo ayenda ndi "to". Kuti mwana asankhe bwino pakati pa mau a wopereka, mphunzitseni kufunsa mafunso awiri okha: Kodi cinthuci cidzabwerera kwa mwini wace? Kodi pali malipiro? Ngati sicibwerera ndipo palibe malipiro, ndiko "give". Ngati cibwerera popanda malipiro, ndiko "lend". Ngati pali malipiro ndipo sicibwerera, ndiko "sell". Ngati pali malipiro ndipo cibwereranso, ndiko "rent" kapena "hire", monga acita anyamata amene atenga wilibala ya munthu wina m'mawa, nanyamulira katundu ku msika wa Soweto, nalipira mwini wace madzulo. Pa ndalama pokha pali kusiyana pang'ono: banki ikakongoza munthu titi "lend" ndithu, ngakhale ifuna ciongola dzanja, cimene acicha "interest", ndipo ngongoleyo ndiyo "loan".

Pali msampha wina umene ugwira ife olankhula Cinyanja. M'kamwa mwathu "l" ndi "r" sizisiyanitsa tanthauzo la mau, koma m'Cingerezi zisiyanitsa. Ndalama ya nyumba tiicha lendi, ndipo liuli linacokera ku "rent". Tsono mwana akamva lendi alemba "lend". Mukumbukire kuti mabanja ambiri-mbiri a ku Kanyama, Chawama ndi Mtendere akhala m'zipinda za lendi. Mwana akalembera mwini nyumba kalata m'malo mwa amace, nalemba kuti, "You lent us two rooms," wanena kuti zipindazo anapatsidwa mwaulere; cimene afuna kunena ndico, "We rent two rooms from you." Acule mau awiriwa mosinthana pamaso panu, "lend, rent, lend, rent", kufikira khutu lace litamva kusiyana: pa "l" wa "lend" nsonga ya lilime ikhudza kuseri kwa mano a m'mwamba, pa "r" wa "rent" siikhudza.

Mau ena awiri ndi "change" ndi "exchange". Anthu awiri akasinthana zinthu, wina nkhuku wina cimanga, monga acitira ku midzi, titi "exchange", ndipo liyenda ndi "for": "She exchanged a hen for maize." Koma "change" ndiko kusintha cinthu kuti cikhale mwina, ndiponso ndiyo ndalama yotsala imene wa m'sitolo akubwezera, imene ife titi chenji. Musaiwalenso "owe". Wonena kuti "I owe you fifty Kwacha" ndiye wokongola. Wonena kuti "You owe me fifty Kwacha" ndiye wokongoza. Liu lakuti "owe" ndi lomwelo, asinthana malo ndi anthu awiriwo basi, koma ngongole yonse yatembenuka.

Tsopano ndifike pa cimene ciri cacikulu. Nonse mudziwa kaloba, ndipo mudziwa kuti mwezi ukafika pakati ambiri a ife tigogoda pa khomo la wokongoza. Pali okongoza ena amene safuna kulemba cipangano ca ngongole. Iwo atulutsa pepala lonena kuti munthuyo wagulitsa nyumba, galimoto kapena wailesi yace, namuuza pakamwa kuti, "Sainani cabe, ici ncikole." Tsiku lobweza likapita, atenga katunduyo, ndipo mlandu ukafika ku khoti pepala lija linena "sold", pamene pakamwa anagwirizana za "borrowed". Kutsutsa pepala limene unasaina wekha nkobvuta kwambiri. M'nyumba zambiri amene awerengera agogo kapena amai makalata a Cingerezi ndi mwana wa sukulu. Mwana wodziwa kufunsa mafunso awiri aja, ngati cinthu cidzabwerera ndi ngati pali malipiro, akhoza kuima nanena kuti, "Amai, musasaine. Pano palembedwa 'seller' ndi 'buyer', palibe 'lender' ndi 'borrower'." Mwana wotere wapulumutsa nyumba ya makolo ace.

Potsiriza ndipempha aphunzitsi ndi makolo kuti musakalipire mwana kapena kumseka pamaso pa anzace akalakwa. Mwana wocititsidwa manyazi atseka pakamwa, ndipo cinenero siciphunzirika ndi pakamwa potseka. Akanena "borrow me", mufunseni cabe kuti, "Kodi pensuloyo iri kupita kwa yani?" ndipo adzadzikonza yekha. Musamuuzenso kuti Cinyanja ncolakwa. Muuzeni kuti cinenero ciri conse ciri ndi njira yace, ndipo wanzeru adziwa njira zonse ziwiri. Akulu anati m'mera mpoyamba. Yambani usiku uno ndi sefa ndi mthiko, ndipo pakutha pa sabata mumfunse mwanayo kuti ndani anabwereka ndi ndani anabwereketsa.