Shuga akamatsika yekha: chotupa chobisala m'kapamba

Tikamva za matenda a shuga, ambiri timaganiza za shuga wokwera. Komatu alipo matenda ena osowa amene amamutsitsa. Munthu amadzuka m'mamawa thukuta lili kamukamu, akunjenjemera, akulankhula zosamveka, mwina kugwa kumene ngati wakhunyu. Akamwa phala kapena tiyi wa shuga, amatsitsimuka ngati palibe chachitika. Msodzi wa ku Malindi amene wachezera panyanja osadya, kapena munthu amene akusala m'mwezi wa Ramadan, ndiye angagwidwe msanga.

Kuno kwathu, chimene chimakonda kutsitsa shuga ndi malungo aakulu, kwinini, mowa kapena mankhwala a shuga omwewo. Koma vutoli likamabwerezabwereza popanda zimenezi, madokotala amakayikira insulinoma, chotupa cha m'kapamba chimene chimatulutsa mosalekeza insulin, yemwe amatsitsa shuga m'magazi. Chimagwira anthu pafupifupi 4 pa 1 miliyoni pachaka. Nthawi zambiri chimakhala chimodzi, chosafika masentimita 2, ndipo 9 mwa 10 zilizonse si khansa. Kuchichotsa ndiko kuchira, monga anasonyezera dokotala Roscoe Graham ku Toronto mu 1929.

Pamene pagona ntchito ndi m'fiyeta. Wodwala amaletsedwa kudya opaleshoni isanayambe, choncho amagona ndi diripi ya shuga. Akamugonetsa, sangathenso kunena kuti akumva chizungulire, ndipo shuga akatsikitsitsa ubongo ungawonongeke mwakachetechete. Kungochigwira chotupacho kungachititse kuti chikhuthule insulin wambiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake wogonetsa amayeza magazi mphindi 15 kapena 30 zilizonse, n'kumawonjezera kapena kuchepetsa diripi.

Chotupa chikachoka, shuga amayamba kukwera, kawirikawiri ola lisanathe, ndipo madokotala amalimba mtima kuti achotsa choyenera. Masiku otsatira shuga amatha kukwera mopitirira, motero anamwino amapitiriza kuyeza, ndipo odwala ena amabayidwa insulin kwa kanthawi.

Opaleshoni yotere imafuna chipatala chachikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre, koma ulendo wake umayambira pafupi, kuchipatala cha St Martin's ku Malindi kapena kuchipatala cha boma ku Mangochi. Chofunika n'chakuti magazi ayezedwe pa chala nthawi imene munthuyo wafookayo. Wachibale akakomoka, musamuthire chakudya m'kamwa. Thamangirani naye kuchipatala, ndipo mukawauze kuti amatsitsimuka akadya. Mawu ochepa amenewo angapulumutse munthu amene wakhala zaka akutchedwa wakhunyu kapena wolodzedwa.