KUSANKHA NYUMBA YA LENDI PA ULENDO WA ANTHU AMBIRI

Masiku ano anthu a ku migodi ndi a m'matauni ayamba mwambo wopita ku chuthi m'magulu. Ena ndi a banja limodzi, abale amene anabalalika cifukwa ca nchito, wina ku Kitwe, wina ku Chingola, wina ku Lusaka. Ena ndi oimba a mu mpingo, ndipo ena ndi anchito a pa mgodi umodzi amene asonkha cilimba caka cathunthu. Gulu lotere likafuna kugona ku hotela mtengo ukula msanga, pakuti kumeneko alipiritsa cipinda ciri conse pacokha, ndi cakudya ca munthu ali yense pacokha. Cifukwa cace ambiri acita lendi nyumba yathunthu kwa masiku awiri kapena atatu, nadziphikira okha. Nzeru imeneyi njabwino, koma iri ndi mabvuto ace. Nyumba ikasankhidwa mothamanga, ndalama za caka conse zitayika, ndipo anthu amene anacoka kwao ali mabwenzi abwerera osalankhulana.

MALO NDI NYENGO

Gulu liyenera kugwirizana za malo lisanayambe kufuna nyumba, ndipo cimene ciweruza ndico kutalika kwa njira pamodzi ndi masiku a chuthi amene anthu apatsidwa ku nchito. Kucokera ku Kitwe kufika ku Lusaka pali makilomita monga 360, ndi kucokera ku Lusaka kufika ku Livingstone pali ena monga 480. Munthu wa ku migodi wofuna kuona mathithi a Mosi-oa-Tunya ataya tsiku lathunthu popita ndi lina pobwera. Ngati ali ndi masiku atatu okha, lopuma limtsalira limodzi. Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, ali pafupi makilomita 200 kucokera ku Lusaka, ndipo njira yace itsika mapiri okhotakhota, mmene basi yodzaza iyenera kuyenda pang'onopang'ono ndi masana. Samfya, ku nyanja ya Bangweulu, ali ndi mcenga woyera. Njira yacidule yocokera ku Mufulira ipyola m'dziko la Congo, kulowa pa Mokambo ndi kuturukira pa mlatho wa Chembe umene unatsegulidwa mu 2008. Oyenda njira imeneyo asaiwale kuti adutsa malire kawiri, ndipo ali yense, ndi ana omwe, afunika mapepala a ulendo.

Nyengo nayo isintha zinthu. Madzi a pa Mosi-oa-Tunya acuruka m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, koma pofika Okutobala ndi Novembala mbali ya Zambia itsala miyala ndi timadzi tocepa. M'cigwa ca Zambezi miyezi iwiri yomweyo ndiyo ya kutentha koopsa, ndipo nyumba ya malata yopanda siling'i isanduka ng'anjo. Pa Pasaka, pa Krisimasi, ndi pa masiku a Ngwazi ndi Umodzi, amene agwa Lolemba ndi Laciwiri loyamba la Julaye, anthu ofuna nyumba acuruka, ndipo zazikuru ndizo ziyamba kutha. Gulu lofuna masiku amenewo liyambe kufunsa miyezi ingapo isanafike.

KUWERENGA ANTHU NDI MAKAMA

Mtsogoleri wa ulendo alembe maina a onse opita, asawerenge ndi pamutu. Pa pepalalo paoneke mabanja angati, amai osakwatiwa angati, anyamata angati, nkhalamba ndi makanda angati. Mwini nyumba akati nyumba yace igoneka anthu 24, mau amenewo sakwanira, pakuti mwina wawerengera mipando ya m'cipinda cocezera ndi matiresi oyala pansi. Funso loyenera ndi lakuti zipinda ziri zingati, ndipo m'cipinda ciri conse muli makama angati, akuru kapena ang'ono.

Ciwerengero ca zipinda ciposa ca makama cifukwa ca ulemu. Mkamwini sangagone cipinda cimodzi ndi apongozi ace, ndipo sicioneka bwino kuti akomane nawo pa khomo la bafa m'mamawa. Anamwali ndi anyamata afunika mbali zosiyana. Agogo amene miyendo iwabvuta sangakwere makwerero usiku kukafuna cimbudzi. Kawirikawiri tinyumba titatu ta m'bwalo limodzi tithandiza gulu losakanizika koposa cinyumba cimodzi cacikuru, cifukwa anthu adyera pamodzi koma agona mwa ulemu.

Zimbudzi ndi mabafa ziwerengedwenso. Anthu 24 akakhala ndi bafa limodzi, ali yense nasamba mphindi 5 zokha, wotsiriza aturuka patapita maora awiri. Ndeu zambiri za pa ulendo ziyambira pa mzere umenewo.

Munthu asabise ciwerengero kuti alipire zocepa. Mwini nyumba akapeza anthu 30 pamene anauzidwa za 20, angathe kuwabweza pa cipata kapena kuonjeza mtengo, ndipo alendo alibe ponena. Ndiponso thanki la madzi ndi dzenje la zimbudzi zinapangidwa molingana ndi anthu owerengeka, kotero kuti gulu locuruka liona bvutolo tsiku laciwiri.

MADZI, MAGETSI NDI KHICHINI

Nyumba ingakhale m'mbali mwa nyanja koma m'mipope mulibe madzi. Afunse mwini wace kumene madzi acokera, kaya ku kampani, kaya m'citsime, kaya apopa m'nyanja, ndiponso ngati thanki liripo ndi ukuru wace. Madzi opopa m'nyanja ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala asanamwedwe.

Za magetsi anthu a mu Zambia anaphunzira mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a m'Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri tsiku ndi tsiku, ngakhale m'matauni oyandikana ndi khoma lenilenilo. M'nyumba zambiri magetsi akazima pampu ya madzi iimanso, ndipo nyama ya m'firiji iola. Cifukwa cace afunse ngati pali sola kapena jenereta, ngati mphamvu yace ikwanira kuyendetsa pampu ndi firiji kapena nyali zokha, ndiponso amene agula mafuta ndani. Nyumba zina ziri ndi mita yolipiriratu, ndipo ndi bwino kumvana msanga ngati mayuniti ali m'kati mwa mtengo wa lendi.

Amai amene adzaphika ndiwo ayenera kufunsa za khichini, pakuti amuna aiwala. Mapoto a m'nyumba zotere kawirikawiri ndi ang'ono, oyenera banja la anthu asanu, ndipo nsima ya anthu 24 siphikika m'menemo. Adziwe ngati sitovu njamagetsi kapena ya gasi, ngati mwini alola mbaula pabwalo, ndi kutalika kwa msika. Gulu lanzeru linyamula mapoto ace akuru, mithiko, ufa, mafuta ndi makala, nkusiya nsomba ndi ndiwo zamasamba kuti likagule komweko.

ANA NDI NYANJA

M'nyanja ya Kariba ndi mu mtsinje wa Zambezi muli ng'ona ndi mvuu. Ng'ona ibisala pa madzi osaya pamene anthu atunga ndi kutsuka, ndipo mvuu ituruka usiku kudzadya udzu, ngakhale pa kapinga wa nyumba. Gulu lokhala ndi ana lisankhe nyumba yokhala ndi mpanda pakati pa bwalo ndi madzi, ndipo lifunse anthu a komweko malo amene saloledwa kusambapo. Ngati pa nyumbapo pali dziwe losambiramo, munthu wamkuru mmodzi aikidwe kuyang'anira ana nthawi iri yonse, mosinthana. Pa gulu lalikuru ali yense aganiza kuti mnzace ali kuona, ndipo mwana amira mwakacetecete, osapfuula.

Pali matenda awiri amene aoneka anthu atabwerera kale. Likodzo licokera ku tizirombo tokhala mu nkhono za m'madzi odikha, makamaka pa mabango, ndipo tilowa pa khungu la wosamba. Mwana akayamba kukodza magazi patapita milungu, atengedwe ku cipatala, pakuti mankhwala ace alipo. Malungo nawo ayamba patapita mlungu umodzi kapena kuposerapo. Tsono afunse ngati kama ali yense ali ndi neti ya udzudzu, ndipo ogona pansi anyamule zao. Mtsogoleri adziwenso kumene kuli cipatala capafupi asanafike usiku woyamba.

ZITHUNZI NDI CINYENGO

Nyumba zambiri zipezeka pa intaneti, pa Facebook, pa WhatsApp kapena kwa makampani monga Airbnb. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cithunzi cingakhale ca zaka zakale nyumba iri yatsopano, kapena ca nyumba ya munthu wina. Akuba aika zithunzi zokongola ndi mtengo wochipa, nanena kuti ena ali kuifunanso, kuti munthu atumize ndalama msanga. Ndalama zikapita, lamya izima.

Njira yoposa zonse ndiyo kutuma munthu mmodzi kapena awiri kukaona nyumbayo ndi maso, kutsegula mipope, kuwerenga makama ndi kulankhula ndi mlonda. Ndalama ya basi ya munthu mmodzi njocepa poyerekeza ndi cuma ca gulu lonse. Kukakhala kutali, apemphe mbale kapena mbusa wa mpingo wa kumeneko, kapena mwini nyumba ayende ndi lamya ya kanema m'zipinda zonse iwo ali kuona. Wokana zimenezi ali ndi cimene abisa. Lamulo la Tourism and Hospitality Act la 2015 linakhazikitsa bungwe la Zambia Tourism Agency, limene lipereka malaisensi kwa osunga malo ogona alendo, ndipo mlendo salakwa kupempha kuona laisensiyo.

Potumiza ndalama pa lamya, dzina la wolandira lioneka munthu asanatsimikize. Dzinalo likasiyana ndi la mwini nyumba, aime nafunse. Asalipire zonse pamodzi. Apereke cikole cokha, ndipo zotsala akapereke atafika ndi kuona makiyi. Kampani ya Airbnb isunga ndalama ya mlendo ndi kuipereka kwa mwini nyumba mlendoyo atafika, kotero munthu wonyengedwa kuti alipire kumbali ataya citetezo cimeneco.

Zonse zopanganidwa zilembedwe, ngakhale mu uthenga wa pa lamya: tsiku ndi ora lofika ndi locoka, ciwerengero ca anthu, mtengo wonse, ndalama yosungitsa zosweka, ndi cimene cidzacitika ulendo ukalephereka cifukwa ca maliro kapena matenda. Oimba afunse za phokoso, pakuti eni nyumba ena saloleza nyimbo usiku.

KUGAWANA NDALAMA

Gulu lisankhe msungi wa cuma wosiyana ndi mtsogoleri, ndipo alembe zolowa ndi zoturuka m'buku limene ali yense angaone. Kagawidwe kamveke ndalama isanasonkhedwe. Mwa citsanzo, gulu la akuru 16 ndi ana 8 lingawerenge mwana ali yense theka la mkuru, ndipo magawo akhala 20. Nyumba ikakhala ya K9,000 masiku onse, gawo limodzi ndi K450, ndi la mwana K225. Banja lotenga cipinda ca bafa lace lingaonjeze pang'ono, ndi ogona pa matiresi acepetsedwe. Paikidwenso kandalama kapadera ka zogwa mwadzidzidzi.

Bvuto lalikuru ndilo la munthu wosiya ulendo masiku atayandikira, pakuti mtengo wa nyumba sutsika cifukwa iye watsala. Gulu lipangane kuti likapita tsiku lakuti, gawo la nyumba silibwezedwa pokhapo atapezeka wolowa m'malo. Pangano lotere silipweteka munthu likamveka poyamba, koma likabwera pambuyo lioneka ngati kumana.

KUFIKA NDI KUCOKA

Pofika, anthu awiri ayende ndi woyang'anira nyumba, awerenge mbale, matambula ndi mabulangete, najambule ciri conse cimene apeza cosweka kale. Pocoka acitenso comweco, asese, alipire cimene aswa popanda makani, nabweze makiyi m'manja mwa amene anawapatsa. Anyamuke m'mawa, kuti anthu a ku migodi akafike kwao dzuwa likalipo ndi kupuma asanalowe nchito. Mwini nyumba amene wapeza katundu wace ali bwino akumbukira gulu limenelo, ndipo caka camawa, pamene ena ali kusowa pogona pa Pasaka, iwo awasungira malo.